Carl Bosch ndi chitsulo chimene chinkaphulika

M'buku la kemisitiri mzere wosonyeza mmene mpweya wa naitrojeni ndi wa haidrojeni imaphatikizirana kupanga amoniya ndi waufupi: N2 + 3H2 ⇌ 2NH3. Wophunzira amauloweza, n'kuwonjezera kuti pamafunika kutentha kwa madigiri 400 mpaka 500 ndi mpweya wopanikizidwa kuwirikiza ka 150 kapena 200 kuposa umene timapumawu, mayeso n'kukhoza. Koma ukawerenga mbiri ya Carl Bosch umaona kuti katswiri wa makemikolo wa m'fakitale amayambira ntchito pomwe mzerewo wathera.

Bosch anabadwira ku Cologne, m'dziko la Germany, mu 1874. Asanapite ku Leipzig kukaphunzira kemisitiri anayamba waphunzira za zitsulo ndi makina ku Charlottenburg, ndipo mu 1899 analowa ntchito ku BASF, kampani yopanga makemikolo. Mu Julayi 1909 katswiri wa kemisitiri Fritz Haber anaonetsa ku Karlsruhe kamakina ka patebulo kotulutsa amoniya madontho madontho. Bosch ndiye anapatsidwa ntchito yosandutsa madonthowo kukhala matani.

Choyamba kuvuta chinali catalyst, chinthu chofulumizitsa kuphatikizana kwa mipweya iwiriyi. Haber ankagwiritsa ntchito osmium, chitsulo chosowa kwambiri choti fakitale singachidalire. Alwin Mittasch wa ku BASF ndi gulu lake anayesa zinthu masauzande ambiri, chimodzichimodzi, mpaka anapeza kuti magnetite (mwala wa chitsulo) wina wochokera ku Sweden akuchita bwino. Chitsulo choyengeka bwino chinkafooka msanga. Chimene chinkathandiza ndi tizinthu tochepa tosakanikirana nacho: aluminium oxide amaletsa timibulu ta chitsulo kumatirirana pamoto, ndipo potassium oxide amachiwonjezera mphamvu. Ntchito yotere ilibe ulemerero, ndi ya kulemba bwinobwino zotsatira za mayeso amene ambiri mwa iwo alephera.

Koma pofunika kukhalitsapo ndi pa machubu, momwe mipweyayo imaphatikizirana. Oyamba amene anapangidwa ndi steel wochindikala anaphulika atagwira ntchito masiku ochepa chabe. Mwamwayi anali atawatchingira ndi konkire. Wina akadangoti tiwonjezere kuchindikala. Bosch anadula chidutswa cha chubu chophulikacho, n'kuchipala, n'kuchiyang'ana pa maikulosikopu monga amachitira akatswiri a zitsulo. Anapeza kuti mbali ya m'kati yataya kaboni. Haidrojeni akatentha ndi kupanikizidwa chotero amalowerera m'chitsulo, amakumana ndi kaboni amene amalimbitsa steel, ndipo ziwirizi zimapanga mpweya wa methane. Methane sangathe kutuluka mmene haidrojeni analowera. Amaunjikana m'timipata, chitsulo chimafumbutuka m'kati, kenako mng'alu.

Njira yake inali yopatsa chitsulo chilichonse ntchito imodzi. M'kati anaikamo chubu cha chitsulo chofewa chokhala ndi kaboni wochepa kwambiri, choti haidrojeni asapezemo chodya. Kunja anakutira ndi steel wolimba wonyamula mphamvu ya mpweya. Ndiye anaboola timabowo ting'onoting'ono pa steel wakunjayo kuti haidrojeni amene wadutsa chubu cham'kati azithawira panja m'malo mounjikana. Kuboola dala chotengera cha mpweya wopanikizidwa kumamveka ngati misala, koma amene waona kaye kumene vuto lachokera sazizwa nazo. Apa m'pamene maphunziro ake a zitsulo aja anabweza phindu, ndipo wophunzira kemisitiri amene amanyozera phunziro la zitsulo ayenera kuganizanso kawiri.

Zotsalazo ndi zomwe mafakitale akulimbana nazobe lero. Mpweya ukadutsa kamodzi pa catalyst, amoniya amene amapangika ndi pafupifupi 15 peresenti yokha, choncho amauziziritsa kuti amoniya asanduke madzimadzi n'kumuchotsa, wotsalawo n'kuubweza. Pozungulira chotero mipweya ina yolowa nawo, argon ndi methane, zimachuluka pang'onopang'ono chifukwa sizisanduka kanthu, ndiye amatulutsako mpweya wina kuti zisadzaze machubu onse. Sulfur, carbon monoxide ndi chinyezi zimapha catalyst ngakhale zikhale zochepa, n'chifukwa chake gawo lalikulu la fakitale ndi loyeretsa mpweya basi.

Fakitale ya BASF ya ku Oppau inayamba kupanga amoniya mu 1913, patangotha zaka zinayi chiyambire pa kamakina ka patebulo kaja. Bosch analandira mphoto ya Nobel mu 1931 pamodzi ndi Friedrich Bergius chifukwa cha njira zogwirira ntchito ndi mpweya wopanikizidwa kwambiri. Anamwalira ku Heidelberg mu 1940.