Sabata imene tinamangira kanyumba pa thirakitala

Thirakitalayo inafika pa shedi yathu ku Mponela Lolemba masana, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Inali Massey Ferguson 290, yokalamba ndithu, koma injini yake ya Perkins ikulira bwino. Ankaiyendetsa ndi madala ena a imvi amene akhala pa esiteti ina ya kuno zaka zambiri. Atatsika ndinawayang'ana kumaso. Fumbi linali litadzaza m'nsidze ndi m'ndevu, maso ali psuu, pakhosi atakulunga kansalu konyowa. Mwini thirakitala anafika pambuyo pa galimoto yake. Anati akufuna kanyumba kotchinga dalaivala, ndipo kathe mvula yoyamba isanagwe, poti nthawi yogalauza yakwana ndipo madalawa chaka chatha anagona milungu iwiri ndi chifuwa.

Ine ndimawotcherera zitsulo. Mageti, mafelemu a mazenera ndi ngolo ndapanga zambiri, koma kanyumba ka thirakitala aka kanali kachitatu. Tinyumba tiwiri toyambato tinandiphunzitsa kuti suyamba ndi kuyeza thirakitala, umayamba ndi munthu. Ndinawapempha madala akwere akhale pampando, chipewa chili kumutu, ndipo achite zonse zimene amachita ali m'munda. Anaponda kilatchi, anasintha magiya amene ali pakati pa miyendo, anatambasula dzanja lamanja kugwira ma lever a hydraulic okwezera ndi kutsitsira pulawo, kenako anapotoloka kuyang'ana kumbuyo ngati pali pulawo. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito ankagwira tepi, ine ndikulemba pa katoni. Paliponse pamene chigongono kapena bondo lafika ndinkasiyapo mpata wa chikhatho chimodzi.

Mkangano unabuka pa chitsulo chopindika chija chimene chimaima kumbuyo kwa mpando, chimene timati roll bar.

"Amisiri, ichi chidulidwe, chikungodya malo," anatero bwanayo.

"Bwana, china chilichonse ndikuchitirani, koma chitsulo ichi galainda yanga sichikhudza."

Ndinawatengera pansi kuti aone okha. Chitsulocho sichinagwire pa madigadi ayi, chinamangidwa ndi mabawuti akuluakulu pa ekiselo ya kumbuyo. Ntchito yake ndi imodzi: thirakitala ikagudubuzika, chisiye mpata woti munthu asaphwanyike. Ku Sweden anaika lamulo mu 1959 loti mathirakitala atsopano azikhala ndi chotetezera chotere, chifukwa alimi ankafa popsinjidwa. Kunonso thirakitala imagwa, m'mphepete mwa damu, pa akalozera, kapena potsetsereka ikukoka ngolo yodzaza mabelo a fodya. Chitsulo chimenechi sichiyenera kubooledwa kapena kuwotcherera chinthu, poti moto ndi mabowo zimachifooketsa. Ndinawauza mosabisa kuti square tube yanga ya 40 mm, makina a matani pafupifupi 3 akaigwera, idzapindika ngati bango. Kanyumba kanga katchinga dzuwa, fumbi ndi mvula, basi. Anakhala chete kanthawi, kenako anati ndichite monga ndikudziwira. Tinagwirizana kuti kanyumbako kazungulire roll bar ndi kugwira pa iyo ndi ma U-bolt okha.

Lachiwiri ndinalawirira ku Lilongwe, ku Malangalanga, kukagula zipangizo: ma square tube a mamita 6, malata osalala a 1.2 mm, marodi owotcherera a 2.5 mm, mahinje, mabawuti ndi penti ya red oxide. Chimene chinandidyera tsiku ndi galasi. Galasi la mazenera a nyumba ndi lotchipa, koma sindingaliike pafupi ndi nkhope ya munthu pa makina ogwedera chonchi, chifukwa likasweka limasanduka mipeni. Ndinazungulira kwa ogulitsa zida za magalimoto akutha mpaka ndinapeza galasi la kutsogolo la minibasi, lija lili ndi pulasitiki pakati, loti likang'aluka zidutswa zimakhalabe zogwirana. M'mbali ndinasankha polycarbonate ya 4 mm, pulasitiki yolimba yoonekera ngati galasi. Perspex imaoneka chimodzimodzi ndipo mtengo wake ndi wotsikirapo, koma imathetheka pa mabowo a mabawuti ikagwedezeka nthawi yaitali. Popeza galasi la minibasilo sindikanatha kulidula, miyeso ya kutsogolo ndinaisintha kuti felemu itsate galasi.

Lachitatu ndiye linali tsiku lowawa. Felemu timaipangira pansi, pa simenti yosalala, osati pa thirakitala. Ndinadula zitsulo zonse, ndinazigwiriza powotcherera timadontho, ndipo titayeza kuchoka pa ngodya ina kukafika pa inzake mopingasa, mbali zonse zinafanana. Cha m'ma 10 magetsi anathima. Ndinapita kukabwereka jenereta, ndipo nditabwerera ndinaitanidwanso kukaona geti la kasitomala wina limene linkakana kutseka. Mnyamata uja, pofuna kundithandiza, anawotcherera mbali imodzi yonse kuchoka pamwamba mpaka pansi osapumira. Chitsulo chikatentha mbali imodzi chimakoka pozizira. Nditayezanso ndinapeza kusiyana kwa 18 mm, ndipo galasi silikanalowa.

Sindinamukalipire, poti wolakwa ndinali ine, sindinamuuze. Ndinamupatsa galainda kuti adule yekha mfundo zinayi, tinawongola, ndipo ndinamuonetsa kuwotcherera pang'ono uku, kulumphira ku ngodya yoyang'anana nayo, kudikira kuti kuzizire, kenako kubwerera. Tinaweruka mdima utagwa, koma felemu inali itaima bwino.

M'mawa mwake tinaikweza anthu anayi. Ndisanayatse makina pafupi ndi thirakitala ndinachotsa mawaya a batire, kuti moto wowotcherera usaononge alternator, kachipangizo kotchaja batire, ndipo thanki ya dizilo ndi mapaipi ake tinaphimba ndi masaka onyowa. Madigadi a kumanzere anali atadyeka ndi dzimbiri pansi, choncho ndinawalimbitsa ndi angle iron ndisanakhazikepo mwendo wa kanyumba. Pansi pa mwendo uliwonse tinaika chidutswa cha tayala lakale. Mukamanga chitsulo pa chitsulo popanda labala, kugwedera konse kwa injini kumakwera m'felemu, mfundo zimang'ambika, ndipo dalaivala amakhala ngati ali m'kati mwa ng'oma imene ikuimbidwa.

Denga nalo lili ndi nkhani yake. Lata lokha pamutu pa munthu mwezi wa Okutobala ndi chiwaya. Ndinaika pulayiwudi pansi pake, ndikusiya mpata wa zala ziwiri kuti mphepo izidutsa, ndipo pamwamba tinapaka penti yoyera. Titaliza injini ndinaona kuti paipi ya ekizozi ikuthera pa msinkhu wa galasi, utsi ukubwerera kwa dalaivala. Kale mphepo inkaumwaza, koma tsopano ukanaunjikana m'kanyumba, ndipo utsi wa injini m'malo otsekeka umapweteketsa mutu, umagonetsa, ungathenso kupha. Ndinalumikiza paipiyo mpaka inapitirira denga.

Lachisanu tinaika zitseko ziwiri, china uku china uku, chifukwa thirakitala ikagonera mbali imodzi munthu ayenera kukhala ndi potulukira. Zenera la kumbuyo tinalipanga lotsegukira m'mwamba. Ine ndinkaona ngati ntchito yatha. Chakumadzulo tinamangirira pulawo ya madisiki atatu ndi kupita pa munda wa mnzanga kuseri kwa msika kukayesa.

Madala analima mzere umodzi, anatembenuka, ndipo pakati pa wachiwiri anaima. Anatsegula chitseko nandikodola.

"Mwana wanga, ntchito wagwira yabwino. Koma wanditseka maso."

"Pati, madala?"

Analoza pansi kudzanja lamanja, pamene ndinatchinga ndi lata kuchoka pa galasi kutsika mpaka popondera. Anati polima sayang'ana kutsogolo kokha. Diso lawo limakhala pa tayala la kutsogolo la kumanja, limene limayenda mu mngalande wa mzere wapitawo. Tayalalo likatuluka pang'ono, pulawo imasiya nthaka yosagalauzidwa, ndipo munda wonse umakhota. Ndinakwera ndekha kukhala pampandopo. Zoonadi, tayalalo silinkaoneka n'komwe. Lolemba lija ndinayeza manja ndi miyendo yawo, koma sindinawafunse kumene maso awo amapita.

Tinabwerera ku shedi, ndinadula lata lija mbali zonse ziwiri ndi kuikamo polycarbonate imene inatsala. Madala ananenanso kuti zitseko zikatsekedwa sakumva bwino kulira kwa injini, pamene iwo amadziwira pomwepo kuti pulawo yalowa kwambiri kapena yakumana ndi chitsa. Pa ichi tinagwirizana kuti mazenera a m'zitseko akhale okankha, azitsegula mbali imene fumbi silikuchokera.

Loweruka tinamaliza penti yofiira ndi kumata labala m'mphepete mwa zitseko. Chomaliza chinali lamba wa pampando, amene ndinagula watsopano ndi ndalama yanga. Madala anamuyang'ana mokayika. Anati iwo anaphunzira kuti thirakitala ikayamba kupendekeka umalumpha. Ndinawafotokozera kuti tsopano ali m'kanyumba, nthawi yotsegula chitseko ndi kulumpha sidzakhalapo, ndipo roll bar imapulumutsa munthu amene wakhalabe pampando, osati amene waponyedwa kunja. Ndinalankhula nawo nthawi yaitali kuposa imene ndinathera pomanga lambayo, bwana wawo akumvetsera.

Ndinawauzanso kuti polycarbonate asamaipukute youma, chifukwa fumbi limaikanda mpaka imachita chifunga. Aziyamba athirapo madzi. Ndipo pakatha milungu iwiri akulima abwere nayo, ndidzakungenso mabawuti onse ndi kuona ngati pali mfundo imene yayamba kung'aluka.

Anakwera, anavula kansalu ka pakhosi kaja nakaika m'thumba. Anakoka lamba, anavutika naye pang'ono, mnyamata wanga anakwera kukawathandiza mpaka analira kuti khethe. Kenako analiza injini ndi kulowa mu msewu wa M1 kulowera cha ku Kasungu, mitambo itayamba kusonkhana kumadzulo.