Nkhasi za ku Jamaica Bay pa Nyengo Yoikira Mazira

Lachiwiri, 17 June. Ndinafika ku Jamaica Bay, m'mphepete mwa mzinda wa New York, madzi a m'nyanja atadzaza kale m'dambo, chifukwa nthawi imeneyi ndi imene nkhasi zazikazi zimakonda kutuluka kukafuna poikira mazira. Nkhasi zimenezi, zotchedwa diamondback terrapin, zimakhala m'madambo a madzi osakanikirana, amchere ndi a m'mitsinje, m'mphepete mwa nyanja m'dziko la America, kuyambira ku Cape Cod mpaka ku Texas.

Ndinadikira pafupifupi ola lathunthu ndikulumidwa ndi udzudzu, kenaka ndinaona timitu titatu titasuzumira pamwamba pa madzi. Imodzi yokha ndi imene inalimba mtima n'kukwera kumtunda. Khungu lake linali lotuwa, lamawangamawanga akuda, ndipo pachigoba pake panali mizere yozungulira ngati yosemedwa ndi mmisiri. Inanunkhiza mchenga, n'kuyamba kukumba ndi miyendo yam'mbuyo, koma itamva mapazi a anthu odutsa inasiya dzenje lija n'kupita kukayambanso pena. Inatero kawiri, ndipo ndinakwiya nawo anthuwo ngakhale sanadziwe chimene analakwa.

Ulendo umenewu ndi wa zazikazi zokha. Zazimuna, zomwe n'zazing'ono kwambiri poyerekeza ndi zazikazi, zimatsala m'madzi n'kumadya nkhono ndi nkhanu. Kutentha kwa mchenga ndi kumene kumasankha mtundu wa ana: dzenje lotentha limabala aakazi ambiri, lozizirirapo limabala aamuna, ndipo mazirawo amaswa pakatha miyezi iwiri kapena kupitirira pang'ono.

Pobwerera ndinawerenga maenje asanu ndi awiri ofukulidwa, makoko a mazira ali mbwee. Imeneyo ndi ntchito ya nyama zotchedwa raccoon, zimene zimafukula usiku. Tsidya la madzi ndinkaona ndege zikunyamuka pabwalo la JFK, pomwe mu July 2009 nkhasi zokwana 78 zinalowa mumsewu wa ndege n'kuchedwetsa maulendo. Nkhasi zina zimafera m'miono ya nkhanu, pakuti zikalowamo zimalephera kukwera pamwamba kukapuma.

Madzulo kunagwa mvula yowaza, ndipo ndinaima pansi pa mtengo ndikuyang'ana dambo. Nkhasi zimachotsa mchere m'thupi kudzera m'tiziwalo ta pafupi ndi maso, komabe zimafuna madzi abwino, choncho mvula ikagwa zimamwa madzi amene amayandama pamwamba pa amchere asanasakanikirane. Sindinaione ikumwa ngakhale imodzi, chifukwa mdima unandipeza ndisanafike pamalo oonekera bwino.