Roadster ya makilomita 21,400: vuto linali m'thanki

Dzulo cha m'ma 4 koloko madzulo ndinatsika ndi Roadster mpaka pa Thabwa, n'kutembenuka, n'kukwera zitunda zonse za msewu wa ku Chikwawa kubwerera ku Blantyre, injini osatsamwa ngakhale kamodzi. Nditafika pakhomo ndinazimitsa n'kungokhala momwemo, denga lili chotsegula, manja ali pachiwongolero. Mayi akunyumba atamva kuti injini yakhala chete anasuzumira pazenera: "Abambo, yafanso?" Ndinati ayi, lero ndazimitsa ndekha.

Kwa amene simunaone zomwe ndinalemba itangofika: ndi Eunos Roadster (dzina la ku Japan la Mazda MX-5) ya 1992, NA6CE, mtundu woyamba uja timangoutcha NA, injini ya 1.6, V-Special yobiriwira ija ya mipando yachikopa ndi chiwongolero chamtengo cha Nardi. Ndinaigula pa okushoni ku Japan kudzera mwa ejenti, giredi 4, mita ikuwerenga makilomita 21,400. Ndikudziwa zomwe ena mukunena chamumtima, kuti mita ya manambala ogudubuzika ngati imeneyi aliyense wa sikuludiraiva amatha kuibweza. Nanenso sindinakhulupirire msanga. Koma satifiketi yotulutsira galimoto ku Japan imaonetsa mayileji a shaken ziwiri zomaliza (shaken ndi ngati COF ya ku Japan), ndipo pa yangayi panali 2009 ndi 2011, kusiyana kwake makilomita 600 okha. Labala wa pa pedulo ya kilatchi akadali ndi mizere yake yonse. M'mbali mwa mpando wa dalaivala, pamene aliyense amakhulapo polowa m'kagalimoto kotsika chonchi, chikopa sichinang'aluke. Ndipo matayala anali ndi deti ya manambala atatu, 368, kutanthauza sabata la 36 la 1998, pakuti kuyambira 2000 manambalawo amakhala anayi. Nditaona zimenezo ndinavina ndekha m'galaja. Chonsecho matayala omwewo amandiuza poyera kuti galimotoyi yagona zaka zambirimbiri, ine osamva.

Kuchokera ku Dar es Salaam ndinakana kuti dalaivala aiyendetse. Matayala a 1998 pa Chiweta? Inabwera itakwera pa lole, kudzera pa Songwe. Za msonkho tisayambe, galimoto yakale imaluma m'thumba, nonse mukudziwa.

Masabata awiri oyamba ndinachita zomwe aliyense amachita. Lamba wa taimingi ndi pampu ya madzi, mapayipi onse a radiyeta, oyilo, madzi a mabuleki omwe anatuluka akuda ngati khofi. Makalipa a mabuleki akumbuyo anali atagwira onse awiri, monga mwa chizolowezi cha NA. Silinda yaing'ono ya kilatchi imadontha, kalabala kotseka oyilo (O-ring) ka pa CAS, sensa youza kompyuta nthawi yopereka moto, kanali katauma gwa. Matayala anayi a 185/60 R14. Ndinasinthanso fyuluta ya petulo, ija yobisika kunsi kumbuyo, ndipo mumtima ndinati mbali ya mafuta ndathana nayo. Apa ndi pomwe ndinadzipusitsa.

Vutolo linali lotere. M'mawa ukaliza imadzuka kamodzi n'kamodzi. Pakhomo ikhoza kulira ola lathunthu osadandaula. Ukatuluka nayo, mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu zoyamba imathamanga ngati mwana wa mbuzi. Kenako pachitunda, ukaponda, imayamba kutsamwa, kugwedezeka, mphamvu n'kuthawa, mpaka zii. Ukaliza pompo imangozungulira. Ukadikira mphindi khumi m'mbali mwa msewu, ana asukulu atakuzungulira akufunsa ngati magetsi ake amatsinziniradi (poti nyali zake zimadzuka n'kugonanso), imadzuka ngati sipanachitike kanthu.

Aliyense amene anagwirapo galimoto zimenezi anganene zomwe ndinanena ine: chikafa chikatentha n'kudzuka chikazizira, ndi zamagetsi. Ndiye ndinayamba ndi mapulagi ndi mawaya ake. Palibe chinasintha. Ndinakayikira koyilo yopereka moto ku mapulagi, ija yokhala kuseri kwa injini pafupi ndi CAS, moti ndinayenda tsiku lathunthu ndi botolo la madzi ozizira kuti ikazima ndiiziziritse ndi nsanza yonyowa ndione ngati idzuke msanga. Tsiku limenelo inadzuka patatha mphindi zisanu ndi zitatu m'malo mwa khumi, ine n'kukhulupirira kuti ndagwira mbava. Ndinaitanitsa koyilo ina kwa msuweni wanga wa ku Johannesburg, inabwera pa basi patatha masiku anayi, ndinamanga, ndinatuluka monyadira, ndipo inazima pamalo omwewo, pafupi ndi mayi wogulitsa chimanga chootcha yemwe tsopano amandipatsa moni ngati m'bale wake.

Kenako mutu unapita ku AFM, chida choyeza mpweya wolowa mu injini. Pa 1.6 mukudziwa kuti kachitseko ka mu AFM ndi komwe kamasunga pampu ya petulo ikuyenda injini ikalira; kakatsekeka, pampu imaima. Ndinati mwina kaswitchi kake kadetsedwa ndi kugona. Ndinalumikiza F/P (pini ya pampu) ndi GND (ya ethi) m'kabokosi ka dayagonosisi kuti pampu iziyenda yokha osadalira AFM. Ndinaimva ikung'ung'udza kuseri kwa mipando, bwinobwino. Ndinayenda choncho. Inazimabe. Pamenepo ndinati pampu ilibe mlandu poti ikulira, AFM ilibe mlandu, ndiye kwatsala CAS kapena kompyuta yeniyeniyo. Usiku umenewo ndinagona ndikuwerengera mtengo wa ECU, kompyutayo.

Ndipatuke pang'ono. Mapulagi aja a NGK, BKR6E-11, ndinawapeza ku Ndirande kwa bambo wina wachikulire wa kontena yodzaza mpaka kudenga, amene salemba kanthu paliponse koma ukatchula nambala amalowa mumdima n'kutuluka nacho. Fyuluta ya oyilo anangoiyang'ana n'kunena kuti ya Familia imalowa, ndipo inalowadi. Ndinayamba kugula kwa iwo nthawi ya Nissan 1400 yanga ija, bakkie yomwe ndinaimanga zaka zitatu n'kuigulitsa kwa munthu wonyamula makala, mpaka lero mtima umandiwawa. Ijayo ikazima umatsegula kabuleta, kupemerera jeti ndi pakamwa, basi ulendo. Zinthu za Roadster yokha, monga malabala a denga, kuno kulibe. Zimenezo ndi za ku Japan kapena ku UK, komwe ma Eunos analowa ambiri. Mwayi wake Mazda inayamba mu 2017 kukonzanso ma NA ku Japan ndi kupanganso zina zomwe zinasowa, denga ndi chiwongolero cha Nardi zili m'gulu lomwelo. Galimoto yomwe inayamba kugulitsidwa mu 1989 kampani n'kumaikumbukirabe, si zachilendo zimenezo?

Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinagonja n'kukatenga Madala, makaniko amene anandiphunzitsa kugwira sipanala. Sanatsegule n'komwe boneti. Anati tiyeni tiyende. Anakhala phee kumpando wakumanzere, chipewa chili pamaondo, mpaka galimoto inayamba matenda ake pachitunda. Itazima anatembenuka.

"Achimwene, moto ukathawa galimoto imazima ngati mwathimitsa nyali. Iyi ikufa pang'onopang'ono. Ili ndi ludzu iyi."

Ndinati, "Koma Madala, pampu ikulira, fyuluta ndi yatsopano."

"Kulira ndi kumwa n'zosiyana. Mwayeza?"

Sindinayeze. Geji ya puresha ndili nayo, inali m'bokosi masiku onsewa. Tinaimanga pa payipi yolowa, n'kuitulutsa pansi pa boneti kuti izioneka pagalasi. Pakhomo inaima cha pa 2.5 bar, osagwedezeka. Pamsewu, itakwana nthawi yake, singano inayamba kutsika pang'onopang'ono ngati dzuwa la madzulo, ndipo isanafike pa 1 injini inali itayamba kale kutsamwa.

Tinachotsa batire kubuti, kukankhira galimoto panja pamphepo, kukweza kapeti kuseri kwa mipando, kumasula chivundikiro, n'kuzula pampu yonse ndi choyandama chake. Fungo lomwe linatuluka si la petulo, ndi la vanishi wa akalipentala. Kasefa kakunsi kwa pampu, komwe kamayenera kukhala koyera, kanali kofiirira, kolemera, kophimbidwa ndi zinthu zonga masamba a tiyi otsala m'kapu. Nditakafinya ndi zala, phala lomata linatsalira m'manja. Ndinaunika ndi tochi m'kati mwa thanki: pansi pali nsenjere za dzimbiri, m'mbali muli mzere wooneka bwino pomwe petulo wakale anaima zaka zonsezo, kumtunda kwa mzerewo chitsulo chachita mawanga. Chikomekome cha mkuyu, anatero Madala, osamaliza n'komwe mwambiwo.

Ndiye zonse zinamveka. Galimoto ikaima pakhomo, zinyalala zimagona pansi. Ikayenda zimavunduka, pampu imazikokera pa kasefa mpaka katatseka, ndipo pachitunda pomwe injini ikufuna mafuta ambiri ndi pomwe imasowa. Ikazima pampu imasiya kukoka, zinyalala zimagwa, ndipo pakatha mphindi khumi njira yatseguka. Kutentha kunalibe nazo ntchito, ine ndimangoziziritsa koyilo yosalakwa. Ndikuganizanso kuti petulo wathu kuno, poti amasakaniza ndi ethanol wa ku nzimbe, anathandiza kusungunula utomoni wakale uja womwe ku Japan unangouma n'kukhala chete. Fyuluta yatsopano ija nditaidula pakati inali itadetsedwa kale, isanakwanitse makilomita 200.

Njira yoyenera ndi kutsitsa thanki, koma pa NA thanki imakhala pamwamba pa sabufuremu yakumbuyo, chimango chachitsulo chogwira matayala akumbuyo, ndiye kuti uitulutse uyenera kugwetsa zonsezo. Ndinalibe mtima umenewo sabata ino. Tinapopa petulo yense ndi pampu yamanja, malita pafupifupi 30 mwa 45 omwe thankiyi imanyamula, n'kulowetsa mkono pabowo la pampu. Mkono wanga unakana pachigongono, wa mwana wa mlongo wanga unalowa wonse. Maginito omangirira ku kamtengo, nsanza zosathothoka ulusi, kutsuka ndi petulo watsopano, kupopanso, katatu. Zomwe tinatola zinadzaza theka la chitini cha sobo chodulidwa pakati, ndazisunga pa shelefu kuti ndizionetsa aliyense wobwera kudzandiuza kuti wapeza galimoto ya mayileji ochepa. Pampu yatsopano, kasefa katsopano, fyuluta yachiwiri. Choyandama nachonso chinali chitagwira, n'chifukwa chake geji imangonena theka kuyambira tsiku lomwe inafika.

Chomwe chikundidyabe n'choti Corolla ya mayi akunyumba yadutsa makilomita 240,000 ndipo thanki yake sindinaionepo m'kati. Imamwa petulo watsopano sabata iliyonse, malabala ake amapindika tsiku ndi tsiku, mabuleki sapeza mpata wogwira. Iyi ya 21,400 ndasintha pafupifupi chilichonse chofewa. Komabe musandimve molakwa, ndikadagulanso. Giya yake ikulowa ndi kakuti khwa komwe sindinakamvepo pa NA ina iliyonse yomwe ndinayendetsapo, bodi ilibe phokoso, ndipo pansi pake, m'masilo a kunsi kwa zitseko momwe zinzake zimaolera, utoto wa ku Hiroshima ukadali momwemo. Zimenezo sungazigule pa kontena ya ku Ndirande.

Mnzanga wina wandiimbira m'mawa uno kuti ndisiye kuiyendetsa, ati ikadutsa 25,000 mtengo wake ugwa. Ndamuuza kuti kugona n'komwe kunaidwalitsa. Pano mita ili pa 21,780.

Zotsala: majekiseni a petulo ndiwatumize akatsukidwe, chifukwa sindikhulupirira kuti utomoni uja unawalambalala. Fyuluta ndisinthanso pakatha makilomita 500 ndione zomwe yagwira. Mvula ikayamba ndigwetsa sabufuremu yonse, thanki ituluke bwinobwino, mabushi onse asinthidwe, mwinanso mashoko, poti kumbuyo kumanzere ikukhala ngati yatsamira. Isanafike nthawi imeneyo ndikufuna kukwera nayo Zomba mpaka Ku Chawe, kenako Khwekhwerere kutsikira ku Golomoti, ngati mahampu a m'njira angandisiyire ekizozi. Ndipo ejenti uja watumiza chithunzi cha Toyota MR2 ya AW11, yoyera, makilomita 34,000, yomwe sindinauze munthu aliyense pakhomo pano.

Nyali yakumanja yayamba kuchedwa kutsika, imatsala ili chotsinzinira masekondi awiri inzake itagona kale. Amene munamasulapo kamota kake, girizi wake mumathira wanji?