Maliro a ku Hopley ndi khadi la mpingo

Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse: kalasi ya ofuna ubatizo ku Mufakose, ana 9, ndi kuyendera odwala awiri ku Highfield. Lachitatu m'mawa ndi pamene uthenga unafika kuti agogo athu ena a ku Hopley, kuno ku Harare, atisiya usiku, m'nyumba mwawo.

Anzanga alaliki mukudziwa kuti imfa ya pakhomo imavuta kuposa ya kuchipatala. Mumayamba mwakanena kupolisi, thupi lipite kumotchale, adokotala alipime, kenako mukatenge chikalata cholola kuika maliro, ndiye mukalipire manda. Paliponse pamenepa akufunsani chitupa cha malemu ndi cha wachibale. Agogowa anabwera kuno ku Zimbabwe ali mnyamata nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pakati pa 1953 ndi 1963, nagwira ntchito m'mafamu a fodya mpaka mafamu atalandidwa kuyambira 2000. Chitupa chawo chinasowa pamene nyumba zinkagwetsedwa mu 2005. Mdzukulu amene ankawasamalira alibe ngakhale kalata ya kubadwa, chonsecho malamulo a dziko a 2013 amamuwerengera kuti ndi nzika. Tinachita kufunafuna mboni ziwiri za zitupa, ndipo masiku awiri anathera pamzere. Zowatengera kwawo ku Dedza kudzera ku Nyamapanda ndi Tete sitinaziganizire n'komwe, ndalama yake ikanachokera kuti?

Zamapepalazo ndinazizolowera. Chimene chinandipweteka chinachitika Lachinayi madzulo, akuluampingo atakhala pansi. Anatsegula kaundula, napeza kuti khadi la agogo la chopereka cha mpingo silinadindidwe kwa miyezi 14. Chigamulo chinali chakuti maliro akhale a pemphero lokha: amayi asavale yunifomu, kwaya isapite, thumba la maliro lisatulutse kanthu. Munthu anali chigonere chaka chathunthu, miyendo itatupa, akudya kamodzi pa tsiku. Dola ya chopereka akanaitenga kuti? Ndipo ndani wa ife anapita ndi khadilo kukawadindira kunyumba? Mlaga wawo, dera lawo la mpingo, wakhala wopanda mkulu wa mpingo kuyambira Pasaka, ndipo nkhaniyi ndainena pamisonkhano iwiri.

Ndinawapempha kuti, abambo anga, tiwerenge Genesis 23 tisanatseke buku. Abrahamu akuima pamaso pa Ahiti nanena kuti ndi mlendo pakati pawo, napempha malo oikapo Sara. Phanga la Makipela analigula ndi masekeli 400 a siliva, ndipo ndi malo okhawo amene anakhala akeake m'dziko la lonjezo. Mpingo wathu kuno unamangidwa ndi alendo otere, anthu a m'migodi ndi m'mafamu amene ankasonkherana kuti mnzawo asaikidwe ngati wopanda abale. Ndinatsegulanso Yakobo 2, pamene akudzudzula mpingo wopatsa mpando wabwino wovala mphete yagolide n'kumuuza wosauka kuti akhale pansi. Lamulo la khadi linaikidwa kuti lidzutse Mkhristu waulesi. Wodwala wogona pamphasa silimukhudza, ndipo kuligwiritsa pa iye ndi kulakwira Mawu amene timalalikira.

Abusa anali paulendo, foni yosagwira. Akulu anagawanika, atatu kwa awiri, ndipo thumba silinatsegulidwe. Amayi ndiwo anasonkha okha: madola 85, ufa makilogalamu 20, kabichi ndi nkhuni. Kalipentala wa ku Mbare anatipatsa bokosi pangongole. Loweruka m'ma 11 koloko tinawaika ku manda a Mbudzi, amayi atavala zitenje wamba, koma anaimba nyimbo zonse za maliro kuchokera pakhomo mpaka dothi litatha.

Lamulungu ndinalalikira mapemphero awiri ndili wotopa kwambiri. Kalata yopempha kuti odwala ndi okalamba achotsedwe pa lamulo la khadi ndaipereka kwa mlembi, iwerengedwe abusa akabwera. Ngongole ya bokosi yatsala madola 40, ndipo mdzukulu uja ndimuperekeza kukayamba za kalata ya kubadwa Lachiwiri.