Maatomu ozizira zedi ndi ma quark otentha

Ophunzira fizikisi kuno ku Salima, tamvani izi. Maatomu a lithium-6 akaziziritsidwa ndi laser mpaka pansi pa microkelvin imodzi (pafupi zedi ndi kuzizira kotheratu), mphamvu ya maginito n'kuikidwa pa magauss (muyeso wake) pafupifupi 832, amakokana mwamphamvu kwambiri. Mu 2002 gulu la John Thomas ku Duke University linamasula mtambo wa maatomu otere, wooneka ngati ndudu, mumsampha wa laser womwe unkaugwira, ndipo unafufuma msanga mbali yopyapyala. Quark-gluon plasma (msuzi wa ma quark ndi ma gluon, tizidutswa topanga ma proton ndi ma neutron) ya ku RHIC, makina ogundanitsa phata la maatomu ku America, yotentha madigiri mathiriliyoni, imachitanso chimodzimodzi, pakuti zonsezi zimayenda pafupifupi mosakakamira konse.

Mphamvu ya maginito ikasuntha kutali ndi magauss 832, kukokana kumachepa, mtambo umangomwazika mozungulira. Maatomu a mtundu wina, otchedwa ma boson, sayenera pano: amagundana atatuatatu n'kuthawa mumsampha. Lithium-6 ndi ya mtundu wa fermion, ndipo lamulo la Pauli, loletsa ma fermion awiri ofanana kukhala mu mkhalidwe umodzi, limaiteteza ku kugundana kotere.