Mbalule yathu inakana kulira ku Keta

Anzathu amene munatsala ku Lilongwe mwakhala mukufunsa chifukwa chimene a msungichuma tsopano tikuwatcha a Mbaula, choncho ndiyambe ndi nkhani imeneyo.

Pa ulendo wathu wa ku Ghana, titachoka ku Accra pa trotro, minibasi ya kumeneko, tinafika m'mudzi wina pafupi ndi Keta, kwawo kwa Aewe, komwe mbali ina kuli nyanja yamchere ndipo mbali ina kuli thamanda lalikulu. Chinyezi cha kumeneko chinalowa m'chikumba cha mbalule yathu, moti pamene anatipempha kuti tionetse za kwathu, inangolira ngati mtondo wopanda mgaiwa. A msungichuma, amene sataya khobidi chisawawa, anathamangira kwa mayi wina wootcha nthochi pamsewu, nagula nthochi zonse kuti abwereke mbaula yake. Tinawamba ng'omayo pamakala mudzi wonse ukuonerera, mpaka mawu ake anakwera bwinobwino, ndipo nthochizo tinazidya masiku awiri. Akuti ndalamazo alemba pa “zokonzera zipangizo”.

Eni mudzi anaseka mwaulemu, chifukwa ng'oma zawo chikumba chimakokedwa ndi zingwe zomangirira ku zikhomo, ndipo akafuna kukweza mawu amangokhoma zikhomozo mozungulira. Chimene chinatidabwitsa kwambiri n'chakuti ng'oma zawo za sogo ndi kidi amazinyowetsa dala ndi madzi, madzi omwewo amene ife timawaopa. Mkulu woimba atsimevu, ng'oma yaitali yotsogolera, anagwira kamtengo kudzanja limodzi, linalo likutsendereza chikumba ndi kuchimasula, ndipo mawu ankakwera ndi kutsika momveka ngati nyimbo, kidi ikuyankha, belu la gankogui likusunga nthawi. A wapampando anawafotokozera za phula limene anthu a ku Nsanje ndi Chikwawa amamata pakati pa ng'oma za likhuba kuti mawu atsike, ndipo m'kuona kwanga, apa m'pamene anayamba kutiwerengera ngati odziwa ntchito.

Tinakachezanso pa yunivesite ya Ghana ku Legon, mu Accra, ku Institute of African Studies, nthambi yofufuza za Africa imene Kwame Nkrumah anaitsegulira mu 1963. Anationetsa atumpan, ng'oma ziwiri, yaimuna ndi yaikazi, zotsanzira kukwera ndi kutsika kwa chilankhulo cha Twi, komanso ng'oma ya dondo yopanikiza m'khwapa.

Tikuthokoza amayi amene anatiphikira banku, ngakhale kuti mlembi wathu akunenetsabe kuti inali nsima yosasa, komanso achimwene amene anapakata mbalule pamiyendo kuchoka ku Keta mpaka ku Accra, akukana kuti iikidwe pamodzi ndi katundu wina.