Tsiku limene Newton anandiponya m'munda wa tiyi

Ndaphunzitsa fizikisi kwa zaka 14 pa sukulu ina ya sekondale ku Thyolo, ndipo malamulo atatu a kayendedwe ka zinthu, amene Isaac Newton anawasindikiza mu 1687, ndikhoza kuwatchula ngakhale mutandidzutsa pakati pa usiku. N'chifukwa chake Loweruka lina m'mwezi wa Julaye, nditagula matumba awiri a simenti ndi malata atatu ofolera khitchini, ndinakana kulipira wakabaza kuti andithandize. Mnyamatayo anayang'ana njinga yanga, nayang'ananso kumwamba kumene chiperoni chinali chitayamba kuwaza, kenako anati, "Aphunzitsi, katunduyu ndi wa maulendo awiri." Ndinamufotokozera modekha, ngati mwana wa Fomu 3, kuti Galileo anasonyeza kalekale kuti chinthu cholemera ndi chopepuka zimagwa pa liwiro limodzi ngati mpweya sukuzitchinga, choncho simentiyo sakanandithamangitsa pamtsetse. Iye anangoti, "Muyende bwino, bwana."

Zimene ndinanenazo zinali zoona ndithu, koma zinali theka chabe la phunziro. Theka linalo ndinalikumbukira nditafika pakati pa mtsetse wautali wolowera kwathu, pamene ndinagwira mabuleki koma njinga osamva. Lamulo lachiwiri limati mphamvu yofunika kuti chinthu chichepetse liwiro imakula molingana ndi kulemera kwa chinthucho. Ineyo ndimalemera makilogalamu 60, njinga pafupifupi 20, ndipo pakaliyala ndinali nditamangirirapo makilogalamu ena 100, osawerengera malata. Mphira za mabuleki, zimene mayi a kunyumba anakhala akundiuza kuyambira pa Isitala kuti ndisinthe, zinapatsidwa ntchito yoposa kawiri ya masiku onse, pa tsiku limene mvula inali itanyowetsa malimu n'kuchotsa kukhulana kumene buleki imadalira. Ndinaponda tayala lakutsogolo ndi nsapato monga amachitira anyamata onyamula nkhuni, koma nsapato yanga ya kuntchito, yosalala kunsi ngati mbale, inangolira pang'ono n'kuvuka, ndipo mpaka lero sindinaione.

Apa m'pamene malata analowererapo. Ndinali nditawamanga mopingasa ndi malamba a chubu, ndipo liwiro litakula, mphepo inalowa kunsi n'kuwadzutsa mpaka anaima kumsana kwanga ngati thanga la bwato. Kunena chilungamo, mpweya ndi umene unandipulumutsa, pakuti mphamvu yake yotchinga imakula kanayi liwiro likawirikiza kawiri, ndipo imakulanso chinthu chikatambalala. Ndinamva njinga ikubwerera m'mbuyo ngati wina waigwira, moti ndinayamba kuthokoza Mulungu mokweza. Tsoka lake, chiperoni chimaomba kuchokera kumwera chakum'mawa, mbali ya ku Mozambique, ndipo tsiku limenelo chinkandimenya cham'mbali. Malata anasanduka chiwongolero, ine n'kukhala wokwera wamba.

Tayala lakutsogolo linalowa mu ngalande n'kuima nthawi yomweyo. Ine sindinaime, chifukwa lamulo loyamba limati chinthu chimene chikuyenda chimapitirirabe mpaka china chitachiimitsa, ndipo chimene chinandiimitsa ine chinali tchire la tiyi, mamita angapo kuchokera pamsewu. Tiyi wodulidwa bwino amaoneka wofewa ngati matiresi mukamamuonera patali, koma kunsi kwa masambawo kuli timitengo tolimba tosadziwa ulemu. Matumba a simenti nawonso anamvera lamulo lomwelo: anaduka pakaliyala, nandidutsa pambali, n'kukaphulika m'ngalande ya madzi.

Amayi othyola tiyi anathamanga ndi madengu kumsana, ndipo ataona kuti ndili moyo, mmodzi anafunsa mwaulemu wonse kuti, "Bambo, mwachokera kumsewu kapena kumwamba?" Ndisanayankhe, wakabaza uja anatulukira akutsika pang'onopang'ono, atanyamula mayi wina ndi thumba la chimanga, ndipo anangoliza belu kawiri.

Lolemba nditalowa m'kalasi motsimphina, ndinapeza pabolodi pajambulidwa njinga, malata ndi kamunthu kali m'malere, pamodzi ndi mivi yosonyeza mphamvu yokoka ya dziko, kukhulana ndi mpweya. Ndinaiyang'ana mivi yonse mofatsa, ndikufunafuna cholakwika choti ndilangire mwini wake, koma yonse inaloza koyenera, ndipo ndinakakamizika kuchonga. Simenti uja anauma momwemo m'ngalande, ndipo amayi aja amakhalapo akamadya nkhomaliro.